Funsani Tikuyankheni: Masiku Amene Mzinda wa Mzuzu Sungawaiwale

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufunsa za zimene mzinda wathu wa Mzuzu waona m'zaka makumi atatu zapitazi. Ndasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane. Ndayamba ndi kalata ya mwana wasukulu chifukwa ndi imene yandikhalitsa pansi nthawi yaitali ndisanagwire cholembera.

FUNSO: Zikomo bambo. Ine ndili mu Fomu 3 ndipo ndimakhala ku Zolozolo. Popita kusukulu ndimadutsa pafupi ndi manda, ndipo agogo anga anandiuza kuti kumeneko kunagona anthu amene anaphedwa pa 20 Julayi. Ndikafunsa zambiri amangopukusa mutu. Kodi chinachitika n'chiyani tsiku limenelo, nanga anthuwo analakwa chiyani?
Mtsikana wa ku Zolozolo

YANKHO: Mwana wanga, agogo ako sakukubisira mwadala ayi. Pali zinthu zimene munthu akaziona ndi maso ake pakamwa pamalemera. Koma iwe uyenera kudziwa, choncho ndikufotokozera monga mmene zinayendera.

Pulezidenti Bingu wa Mutharika anapambana chisankho cha 2009 ndi mavoti ochuluka kwambiri, ndipo anthu a chigawo chino cha kumpoto anali m'gulu la amene anamuvotera mwaunyinji, chifukwa makuponi a feteleza anali atadzaza nkhokwe ndi chimanga. Pasanathe zaka ziwiri zinthu zinatembenuka. Ndalama zakunja zinasowa, mwa zina chifukwa fodya sanagulidwe bwino ku okushoni, komanso mayiko amene ankathandiza bajeti yathu anayamba kubweza dzanja. Popanda ndalama zakunja, mafuta agalimoto sakanabwera okwanira. Ndimakumbukira usiku wina ndikugona m'galimoto ya mnzanga pamzere wa mafuta, chisanu cha Mzuzu chikulowa mpaka m'mafupa, kutsogolo kwathu kuli zigubu zomangidwa pachingwe chimodzi kuti eni ake asataye malo, ndipo kutacha tinangouzidwa kuti thanki imene tinkadikira ija yalowera kwina. Magetsi ankazimazima. Mu Epulo 2011 boma linapitikitsa kazembe wa dziko la Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula utsogoleri wa Bingu itaululika. Ku Chancellor College ku Zomba nako maphunziro anali ataima, aphunzitsi akufuna ufulu wophunzitsa popanda kuitanidwa kupolisi chifukwa cha zimene anena m'kalasi.

Mabungwe omwe si aboma pamodzi ndi amipingo anakonza zionetsero za m'dziko lonse pa 20 Julayi 2011, kuti akapereke kuboma chikalata cha madandaulo 20. Kuno ku Mzuzu, nthambi ya Church and Society ya sinodi ya Livingstonia, motsogozedwa ndi a Moses Mkandawire, inali patsogolo pa zokonzekerazo. Anthu anauzidwa kuti avale zofiira. Usiku woti mawa ndi tsikulo, khothi linapereka chiletso choimitsa zionetserozo, koma nkhani imeneyi inafika anthu atadzuka kale ndi kuyamba kusonkhana. Pamene apolisi ankawauza kuti abalalike, iwo anaona ngati akunamizidwa, ndipo apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Utsi wokhetsa misozi unadzaza m'tauni, misewu inatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, ndipo amayi ankanyowetsa zitenje n'kuphimba nkhope za ana awo.

Ndikuuza zoona zonse: masitolo ena anathyoledwa ndipo katundu anabedwa. Zimenezi zinachitikadi, ndipo amene anataya malonda awo nawonso ali ndi misozi yawo. Koma kunagwiritsidwanso ntchito zipolopolo zenizeni. Pa masiku awiri, pa 20 ndi pa 21 Julayi, anthu 20 anafa m'dziko lonse, ndipo pafupifupi theka la iwo anafera mu Mzuzu muno. Komishoni yofufuza imene lipoti lake linatuluka mu 2012 inapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Ena mwa ophedwawo ndi amene anaikidwa pamodzi ku manda a Zolozolo kumene umadutsa kuja.

Wafunsa kuti analakwa chiyani. Palibe khothi limene linawazenga mlandu kapena kuwapeza olakwa. Ngakhale atakhalapo wina pakati pawo amene anatola katundu m'sitolo yothyoledwa, malamulo a dziko lino sanena kuti chilango cha wakuba ndi chipolopolo cha pamsewu. Patangopita masiku ochepa, dziko la America linaimitsa thandizo la madola 350 miliyoni limene linali loti likonze za magetsi. Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012, ndipo mayi Joyce Banda analumbiritsidwa pa 7 Epulo. Mabanja a ophedwawo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti anaiwalidwa, ndipo ine ndikuona kuti dandaulo lawo ndi lomveka. Ukapeza mpata, pempha agogo ako kuti tsiku lina akuperekeze kumandako. Mwina ali chiimire pamenepo adzayamba okha kulankhula.

FUNSO: Ine ndi bambo wopuma pantchito. Tsiku lina tili pa bawo tinatsutsana kwambiri ndi mnzanga wochokera ku Thyolo. Iye akuti matipate anabwera ndi anthu a ku Blantyre, ife a ku Mzuzu tinangotsatira pambuyo. Tiweruzeni.
Bambo wa ku Chiputula

YANKHO: Bambo, anzanuwo ali ndi mbali yawo yoona, pakuti sitiraka zikuluzikulu za mu Meyi 1992 zinayambira ku Blantyre, ndipo UDF ya a Bakili Muluzi, imene inadzapambana chisankho, mphamvu zake zinali kummwera. Koma kunena kuti Mzuzu unangotsatira ndi kuilakwira mbiri.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kuponderezedwa kwa anthu inawerengedwa m'matchalitchi a m'dziko lonse. Mmodzi mwa amene anasaina kalatayo anali Monsinyolo John Roche wa ku Ireland, amene pa nthawiyo ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu. Boma linamuloza chala kwambiri iyeyo, ndipo mu Epulo, m'nyengo ya Pasaka, linamupitikitsa m'dziko muno. Mwezi womwewo, pa 6 Epulo, a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito wochokera ku Rumphi, anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa bwino lomwe kuti akamangidwa, ndipo anawamangadi pabwalo la ndege pomwepo atangoyamba kulankhula zofuna ndale za zipani zambiri. Anatuluka m'ndende patangotsala masiku awiri kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ichitike. Mukukumbukira bwino, bambo, kuti tsiku limenelo munthu ankasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha matipate, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. M'dziko lonse pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, koma kuno kumpoto anali pafupifupi 9 mwa 10 alionse.

Chimene anzanuwo angakhale ataiwala kwambiri ndi cha mu Disembala 1993. Ngakhale riferendamu inali itadutsa, mantha anali adakalipo chifukwa apayoniya a MYP, gulu la achinyamata la chipani cholamula cha MCP, anali adakali ndi mfuti, ndipo anthu ambiri ankadzifunsa ngati chisankho chingachitike mwamtendere gulu limeneli lili chilili. Kumayambiriro kwa mwezi umenewo, mkangano umene unabuka pamalo omwera mowa mu Mzuzu muno unathera poti apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri a ku Moyale Barracks. Pa 3 Disembala asilikali anayamba kuthira nkhondo malo a MYP, kuyambira kulikulu lawo ku Lilongwe mpaka kumakampu a m'maboma, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Nthawi imeneyo Dr Kamuzu Banda anali akuchira atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, ndipo dziko linkayendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu motsogozedwa ndi a Gwanda Chakuamba. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ndipo gulu limene linaopedwa kwa zaka 30 linatha m'masiku owerengeka. Moto umene unalitentha unayakira kuno.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, AFORD ya a Chihana inatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, ngakhale kuti iwo eni anakhala achitatu pa mpando wa pulezidenti. Ambiri amanyadira chiwerengero chimenechi, koma ine chimandipatsa maganizo awiri, chifukwa tsiku lomwelo MCP inakolola pakati ndipo UDF inakolola kummwera, n'kutisiyira chizolowezi chovota poyang'ana kumene munthu akuchokera, chimene chikutivutitsabe mpaka lero. A Chihana, amene anthu ankawatcha Simbi ya Moto, anamwalira mu Juni 2006 ndipo anaikidwa mu Mzuzu mommuno. Atengeni anzanu a ku Thyolo aja mukawaonetse manda awo, kenako mukapitirize bawo lanu mwamtendere.

FUNSO: Kodi n'zoona kuti mmodzi mwa majaji amene anathetsa chisankho cha 2019 anali wa kukhothi la Mzuzu?
Mnyamata wa kabaza, Katoto

YANKHO: N'zoona, achimwene. Jaji Dingiswayo Madise ankagwira ntchito kukhothi lalikulu la Mzuzu, ndipo anakhala pa mlanduwo pamodzi ndi majaji Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu ndi Michael Tembo. Pa 3 Febuluwale 2020 asanuwa anagamula kuti chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 sichinayende bwino, mwa zina chifukwa mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndiponso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse. Khothi la apilo linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 a Lazarus Chakwera anapambana. Lamulo lomwelo la mavoti opitirira theka ndi limene linagwiranso ntchito pa 16 Seputembala 2025, pamene a Peter Mutharika anabwerera pampando.

FUNSO: Pa WhatsApp pamabwera nkhani zosiyanasiyana za ngozi ya ndege imene inapha a Chilima. Ine ndasokonezeka. Tiuzeni zimene zinatsimikizika.
Mayi wa ku Luwinga

YANKHO: Mayi, nkhaniyi idakali bala laliwisi kwa anthu ambiri, choncho ndinena zokhazo zimene zili m'malipoti. Lolemba pa 10 Juni 2024 m'mawa, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kubwera kuno ku Mzuzu. Wachiwiri kwa pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ankapita ku Nkhata Bay kumaliro a a Ralph Kasambara, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo. Ulendowu unayenera kutenga mphindi zosakwana ola limodzi. Ndegeyo sinatere ku Mzuzu chifukwa kunja kunali koipa ndipo sikunkaoneka bwino, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, cha ku Nthungwa. Inapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni, anthu onse 9 amene anali m'menemo atamwalira, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri, amene anakhalapo mayi wa fuko. A Chilima anaikidwa kwawo ku Nsipe m'boma la Ntcheu pa 17 Juni.

Aliyense amene anayendapo pamsewu wa M1 kudutsa Chikangawa mwezi wa Juni amadziwa chifunga cha kumeneko. Ine ndinakwerapo basi imene dalaivala wake anayatsa nyali dzuwa lili paliwombo, tonse tili chete, mitengo ya paini ya m'mphepete mwa msewu ikungotulukira mwadzidzidzi pawindo n'kuzimiriranso. Ngati zili choncho kwa munthu amene matayala ake ali pansi, ganizirani woyendetsa ndege amene akuuluka pafupi ndi mapiri.

Kafukufuku anachitika pawiri. Komishoni imene inatsogozedwa ndi Jaji Jabbar Alide inanena mu Disembala 2024 kuti sinapeze umboni woti panali chiwembu, ndipo inaloza nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Akatswiri a ku Germany ofufuza ngozi za ndege nawonso analoza kuuluka m'nyengo yosaoneka bwino, koma anaululanso zinthu zimene ziyenera kutichititsa manyazi tonse: ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mmene ulendo ukuyendera, ndipo batire la kachipangizo kamene kamalira ndege ikagwa kuti ipezeke msanga linali litatha ntchito mu 2004. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu ambiri mitima yawo sinakhazikike, pakuti pamene palibe mawu ojambulidwa, mphekesera ndi zimene zimadzaza malowo, komanso kuchedwa kupeza ndegeyo kunawawitsa anthu mtima. Kufunsa mafunso ndi ufulu wanu, mayi. Chimene ndikukupemphani n'chakuti uthenga wotchula munthu dzina kuti ndiye anapha, popanda umboni, musamautumize kwa ena, chifukwa mabanja 9 amene anaferedwa nawonso amawerenga mauthenga omwewo.

FUNSO: Osewera otchuka ambiri amachokera kumpoto kuno, koma bwalo lathu la Mzuzu Stadium ndi lomvetsa chisoni. Kodi ndikukokomeza?
Wokonda Moyale, Mchengautuwa

YANKHO: Simukukokomeza, bambo, ndipo mayina akukuikirani umboni. Pa mpikisano wa Africa Cup of Nations umene unachitikira ku Cameroon mu Januwale 2022, Flames inafika koyamba mu ndime ya matimu 16, ndipo chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali kwambiri ndi golo chinazungulira dziko lonse lapansi, ngakhale kuti tinagonja 2-1. Mnyamata ameneyu kwawo ndi ku Chiweta m'boma la Rumphi. Usiku umenewo mabala a mu Mzuzu anaphulika ndi phokoso ngati kuti chikho tatenga kale. Aka kanali kachitatu kuti Flames ipite kumpikisanowu, pambuyo pa 1984 ndi 2010, chaka chimene timu ya Kinnah Phiri inathibula Algeria 3-0 ku Angola.

Kwa atsikana nkhani ndi yokoma koposa. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa nawonso ndi a ku Rumphi. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya ku Italy akusewerera Inter Milan, asanapite ku France, ndipo Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mu 2023 Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Pa mpira wamanja, Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wa dziko lonse wa 2015 ku Sydney, ndipo mu 2018 Queens inagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth.

Tsono taonani kumene ana otsatira mapazi a amenewa akusewerera. Mzuzu Stadium ndi bwalo la m'nthawi ya Kamuzu, ndipo mvula ya kuno, imene imagwa mpaka mu Epulo ndi Meyi, ikalipeza limasanduka dambo, mpira n'kumaima pamadzi wosewera atadutsa kale. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM lakhala likudandaula za bwaloli, nthawi zina mpaka kuletsa kuti masewero a ligi yaikulu achitikirepo, ndipo zikatero matimu a kuno monga Moyale Barracks amasanduka alendo pa masewero amene akanayenera kukhala pakhomo. Lilongwe inalandira Bingu National Stadium mu 2017. Sindikuchitira nsanje likulu la dziko, koma mzinda wachitatu pa kukula m'Malawi, umene unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985, uyenera kukhala ndi bwalo limene Flames ingaseweremo masewero ovomerezeka ndi CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Makhansala ndi aphungu akabwera kudzapempha mavoti, afunseni za bajeti ya bwaloli ndi tsiku loyamba ntchito, osati lonjezo chabe.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa mbiri kusekondale. Ndikufuna ophunzira anga alembe za zochitika mu Mzuzu kuyambira 1992, koma mabuku a silabasi sanena zambiri. Ndingayambire pati?
Mphunzitsi wa ku Chibavi

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu landikumbutsa tsoka lina limene sitilitchula kawirikawiri. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa, pamodzi ndi zolembedwa zambiri zokhudza dziko la Malawi zimene zinasonkhanitsidwa kuyambira pamene yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1997. Palibe amene anafa, n'chifukwa chake tsikuli silikumbukiridwa monga ena aja, koma kwa munthu wa ntchito ngati yanu linali maliro enieni.

Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times za masiku amene ndatchula m'mayankho a pamwambawa zingakuthandizeni kwambiri pa madeti ndi mayina. Malipoti a makomishoni a 20 Julayi ndi a ngozi ya ku Chikangawa anaperekedwa poyera, ndipo ophunzira a Fomu 4 angathe kuwerenga zigawo zina mutawasankhira. Koma chuma chachikulu chili pafupi ndi sukulu yanu. Ku Chibavi, ku Masasa ndi ku Chiputula kuli anthu amene anaponya voti ya nyali mu 1993, asilikali opuma amene anali ku Moyale mu Disembala chaka chomwecho, anamwino amene anali pantchito pa 20 Julayi 2011, ndi amayi amene ankagulitsa mumsika tsiku limenelo. Tumizani ophunzira awiriawiri, apemphe chilolezo mwaulemu, afunse m'chilankhulo chimene wofunsidwayo ali womasuka nacho, kaya ndi Chitumbuka, Chitonga kapena Chichewa, ndipo alembe tsiku ndi malo amene akambiranawo. Wina akakana kulankhula, asamukakamize. Akabwerera m'kalasi, ayerekeze zimene amva ndi zimene zili m'nyuzipepala, ndipo pamene ziwirizi zasiyana alembe zonse ziwiri mmene zilili. Akapeza zithunzi zakale m'nyumba za anthu, azijambule pafoni n'kubweza zenizenizo kwa eni ake tsiku lomwelo, atalemba kumbuyo kwake ndi pensulo chaka ndi malo amene zinajambulidwira.